Kudula Ng'oma ya Malemu Kabamba

Idris anagoneka ng'omayo pa benchi yopalira matabwa n'kuyamba kumasula zomangira za kutsogolo. Atachotsa chikopa, fungo la nkhungu linadzaza shedi yonse. Valerie anatseka mphuno ndi nsonga ya mpango, koma maso sanawachotse pa ng'oma ya malemu bambo ake.

"Bweretsa dzanja," anatero Idris.

Anamugwira chala n'kuchiika m'mphepete mwa thabwa, mbali imene inagunda pansi chaka chathunthu m'kachipinda kosungira makala kwawo ku Kabwata, mu mzinda wa Lusaka. Thabwalo linanyenyeka ngati buledi wogona.

Bambo Kabamba ankaimba ng'oma pa tchalitchi chaching'ono cha ku Kabwata kuyambira Valerie asanabadwe, ndipo ndi iwo amene anamuphunzitsa kugwira timitengo ali kamtsikana. Anamwalira chaka chatha pa ngozi ya minibasi cha ku Chelstone. Valerie anali nawo limodzi. Iye anapulumuka, koma phazi lamanja linathyoka pakakolo, ndipo kukazizira ankatsimphinabe. Maliro atatha, achibale anagawana ng'oma zing'onozing'ono ndi mbale zake zachitsulo. Inatsala ya besi yokha, yaikulu ija yogona chammbali imene amaimenya ndi chopondera, chifukwa sinakwane m'galimoto ya aliyense.

Tsopano mwala wa pamanda unali utakonzeka, ndipo mapemphero a chikumbutso anali Loweruka la sabata yotsatira. Valerie anali atalumbira mumtima kuti tsiku limenelo adzakhala pa mpando wa bambo ake. Seti yatsopano ya m'sitolo sakanaikwanitsa. Atazungulira City Market yonse, amalonda anamulozera kwa Idris, kalipentala wa ku Chunga amene ankagula ng'oma zothyoka n'kuziukitsa. Idris anamupezera zing'onozing'ono zonse pa mtengo woti mphunzitsi wa sukulu ya mkaka n'kukwanitsa. Kunena zoona, ntchitoyo ikanatha kalekale. Koma Valerie sankasowa chifukwa chobwererera ku Chunga, ndipo Idris sankasowa chifukwa chochedwetsera ntchito. Akakhala awiri, mtsikanayo anali atasiya kale kunena kuti "ba Idris".

"Manje yafa?" anafunsa Valerie.

"Sinafe. Yaola kutsogolo kokha." Idris anatambasula tepi yoyezera. "Kukula kwa pakamwa sitikhudza ayi. Nkhani ili pa kuya kwake, kuchokera chikopa cha kumbuyo kufika cha kutsogolo. Panopa ndi mainchesi eyitini. Ndikadula pa sikisitini, kuola kwina kutsalira, ndipo mvula ikadzagwa kudzapitirira. Ndikadula pa fotini, thabwa lonse lotsala ndi lamoyo."

"Nanga ngati sudula?"

"Ndimata ndi guluu ndi utuchi. Ioneka monga anaisiyira adadi ako. Koma izilira mogwedera, ndipo sindingakulonjeze kuti iona chaka chamawa."

Valerie anasisita nsalu yofiira yokutira ng'omayo. Pamwamba panali chipsera cha kandulo chimene iye mwini anapanga ali wamng'ono, tsiku lina magetsi atazima pakati pa nyimbo.

"Chodula sichibwerera," anawonjezera Idris motsitsa mawu. "Ndiye usasankhe ndi maso. Khala apa umve."

Pakona panali ng'oma ziwiri za eni ake zodikira kutengedwa, ina yakuya, ina yaifupi. Idris anamangirira chopondera ku yakuyayo. Valerie anavula nsapato, nakhala pa kampando, naponda. Mawu anatuluka olemera, ochedwa kutha, nazungulira m'malata mpaka misomali ya m'chitini inanjenjemera. Anali mawu amene anakulira. Anatseka maso n'kuyamba nyimbo imene bambo ake ankatsegulira mapemphero. Ndime yoyamba inayenda bwino. Pofika yachitatu, phazi linayamba kutsalira m'mbuyo, ndipo thukuta linalengeza pamphumi.

Idris anawerama. Anangosamutsa chopondera n'kuchiika ku yaifupi ija. Iyi inayankha msanga, phazi lisanamalize n'komwe kutsika, ndi mawu olimba, odukiza, osasiya mchira.

"Yakuya imafuna mwendo," anatero. "Mpweya uli mkati ndi wambiri, ndipo uyenera kuukankha wonse kuti chikopa cha kutsogolo chiyankhe. Komanso tchalitchi chanu n'chaching'ono, cha malata. Yakuya imameza mawu a oimba. Ndipo ndaliona phazi lako."

"Sin'nakufunse za phazi langa."

"Valerie."

"Nifuna kuti tsiku lija bantu akamvele ba Kabamba. Osati kamwana kao kolemala kali na kang'oma ka bana."

"Amene akakhale pa mpando ndiwe. Adadi ako sakakhalapo."

Idris anazindikira kulakwa kwake mawuwo atatuluka kale. Valerie anawerama n'kuyamba kuvala nsapato pang'onopang'ono, ngati ntchitoyo ikufuna nzeru zake zonse. Idris anagwada kuti amuthandize kumanga chingwe. Ali chigwadire, pakhomo panada.

Anali Che Salumu, bambo ake a Idris, mwini shediyo, amene anabwera ku Lusaka ali mnyamata kuchokera ku Namwera. Anavala mkanjo woyera ndi kachipewa koluka. Anayang'ana mwana wawo ali pansi, anayang'ana mtsikanayo, kenako ng'oma.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Nachoma bwino, ba Salumu," anayankha Valerie akupinda mawondo.

"Idris, ku mzikiti aitana kale."

Anaima pakhomopo mpaka Valerie atatuluka pageti.

* * *

Pofika ku Kabwata, Valerie anapeza galimoto yoyera itaima pansi pa fulati yawo. Anaidziwa. Inali ya Hector, mwana wa mkulu wa mpingo, woimba kiyibodi m'kwaya, wokhala ku Woodlands. Chimwalirireni bambo Kabamba, Hector sankadutsa sabata osabwera ndi shuga kapena nkhuku, ndipo ankalankhula kwambiri ndi mayi kuposa mwana.

Mayi Martina, mayi ake a Valerie, anali pa mpando wawo wa pawindo, atavalabe duku lakuda. Hector anali atawapatsa foni yake kuti aone chithunzi.

"Shani, Valerie," anatero akumwetulira. "Bwela uone. Nagula seti ya nyowani. Besi yake ni eyitini, monga yamene inali ya Adadi. Pa chikumbutso uzalizila iyi."

"Zikomo, ba Hector. Koma nili nayo kale seti."

"Ija ya ku Chunga?" Hector anatembenukira kwa mayiwo ngati wodabwa. "Amami, simunaziwe? Wa takisi wa ku chechi ananiuza kuti ananyamula ng'oma ya Adadi kupeleka kwa Asilamu aja opala matabwa."

Mayi Martina anaika foniyo patebulo mosamala.

"Ng'oma ya atate ako siili m'nyumba muno?"

"Inaola, Amami. Napeleka kuti akonze."

"Akonza bwanji chintu choola?"

Valerie akanatha kunama, koma sanazolowere kunamiza mayi ake. Anafotokoza za mainchesi, za kuola, za tchalitchi cha malata. Za phazi sanatchule. Atafika pa mawu oti kudula, nkhope ya mayiwo inauma.

"Atate ako anainyamula pamutu ng'oma ija, kuchoka mu tauni mpaka pano, ine nili na mimba yako. Majekete anatenga abale ao. Nsapato anatenga. Na wailesi anatenga. Chatsala m'nyumba muno chamene anagwilapo na manja ao ni chija chabe. Manje iwe ufuna munthu wamene sanapondepo mu chechi aikepo sowo?"

"Amami, ba Idris ni munthu waulemu."

"Sin'nakambe kuti ni kawalala. Nakamba kuti si wathu. Ndipo dzina lake latuluka mofewa maningi pakamwa pako."

Hector anayang'ana pansi ngati munthu womva chisoni, koma chala chake chinkaseweretsa makiyi a galimoto.

"Ukaitenge mwamene ilili," anamaliza mayi Martina. "Ngati ni kuola, iolele muno."

* * *

Madzulo amenewo Valerie anatuluka pakhonde ngati akukaanula zovala, nalembera Idris pa foni.

"Usadule. Amami akana."

Yankho silinachedwe. "Sindikhudza. Undikhululukire mawu aja. Ndinalankhula ngati ndikulankhula ndi thabwa."

"Unakamba zoona. Ndiye chifukwa zinaniwawa."

Kenako: "Hector anali komweko?"

"Waziwa bwanji?"

"Wa sitolo ya m'tauni ndimadziwana naye. Akuti munthu wa ku Woodlands wagula seti yofiira, akunena kuti ndi ya mkazi amene akufuna kukwatira."

Valerie anawerenga kawiri. "Uli na nsanje?"

"Ndili ndi sowo ndi guluu basi. Nsanje ndi ya anthu a magalimoto."

Anamwetulira koyamba tsiku limenelo. Koma ataika foni m'thumba, anaona mayi ake pawindo akumuyang'ana, ndipo kumwetulirako kunazima.

* * *

M'mawa mwake, potuluka mu mzikiti, Che Salumu sanatsagane ndi akuluakulu anzawo monga mwa masiku onse. Anayenda ndi Idris m'kanjira ka kuseri kwa msika wa Chunga, kumene amayi anali akuyala kale tomato pa matebulo.

"Azakhali ako a Nuria ukuwakumbuka?"

"Pang'ono, Baba. Ankandigulira mabisiketi."

"Anali mlongo wanga wa bere limodzi. Anakwatiwa ndi Mkhristu wa ku Kabwe, munthu wabwino, wosamwa mowa. Ine ndinawaikira kumbuyo pamene aliyense ankakana. Ndinkati mitima ikagwirizana, zina zonse zidzatsatira." Anaima kuti njinga yonyamula makala idutse. "Ana awo anakula osadziwa kolowera. Lachisanu kuno, Lamulungu uko. Tsiku limene Nuria anamwalira, ife tinapita ndi sanda, nsalu yoyera yokulungira maliro, tinapeza ali kale m'bokosi atamuveka diresi. Tinakangana pamaso pa maliro, Idris. Ine ndi mlamu wanga, anthu oti tinkadyera mbale imodzi. Mpaka lero manda ake sindinawaone."

Che Salumu anatembenukira kwa mwana wawo.

"Mtsikana uja ndilibe naye mlandu. Ali ndi ulemu, ndipo ndikuona kuti ali pa chisoni. Ntchito yake unailandira, uimalize bwino, pakuti dzina la shedi ija ndi langa. Ikatha, asadzabwerenso."

"Baba, ine ndi Valerie..."

"Usamalize. Mawu amene sunawatulutse sakumanga." Anayambanso kuyenda. "Amalume ako ku Namwera afunsanso za Bushra. Mwanayo wamaliza sukulu, ndipo akhala akukudikira. Sindingapitirize kuwayankha kuti uli ndi ntchito yambiri."

* * *

Mayi Martina anaumirira kuti Valerie akaione seti ya Hector, poti kukana mphatso usanaione n'chipongwe. Choncho masana ena anapezeka ku Woodlands, m'nyumba ya mpanda wautali, m'chipinda choyalidwa kapeti mmene ng'oma zofiira zinkanyezimira ngati galimoto yatsopano.

Inali seti yokongola, sakanatsutsa. Anakhala pa mpando wofewa n'kuponda. Besi inabangula mpaka magalasi a mawindo anayankha. Hector anayatsa kiyibodi n'kuyamba nyimbo za pa chikumbutso, zonse motsatana monga zidzayendere tsikulo. Valerie analuma mano. Nyimbo yoyamba anaimaliza. Yachiwiri anaikoka. Pakati pa yachitatu, ululu unakwera kuchoka pakakolo mpaka m'bondo, ndipo phazi linangokana. Timitengo tinapitiriza tokha, pansi pali zii.

Hector anasiya kuimba. Anamubweretsera madzi ozizira, nakhala pafupi.

"Osavutika," anatero mokoma mtima. "Naganizapo kale. Mu kiyibodi muno muli ng'oma zonse. Pa tsiku lija nizayatsa besi ya mu makina, iwe uzingomenya twa pamwamba. Phazi uzangoika pa chopondela. Kulibe azaziwa."

Valerie anamuyang'ana.

"Pa chikumbutso cha Adadi, nikanamize bantu?"

"Si kunama. Ni kukuthandiza. Valerie, ine sinifuna kuti uzivutika na vintu ivi moyo wako wonse. Ukabwela muno, ng'oma izi zizakhala zako, uziliza ukafuna, kusewela chabe. Amami nakamba nao kale. Sanakane."

"Mwakamba na Amami. Nanga ine munakamba nane liti?"

"Nikamba nawe manje."

"Mwachedwa, ba Hector."

Nkhope ya Hector inasintha. Anaimirira n'kuzimitsa kiyibodi.

"Ni uja kalipentala? Uganiza azakulowetsa m'nyumba mwao na ng'oma za mu chechi? Uzavala chitambala, uzasintha na dzina. Ufunse bamene anayesako."

Valerie anatola chikwama chake. Hector anati amuperekeze pa galimoto, koma iye anakana. Anatsimphina mpaka pa siteji ya minibasi, ndipo mtunda umene unali waufupi pobwera unamutalikira kwambiri.

* * *

Valerie anafika kunyumba akutsimphina. Anakhala pa mkeka patsogolo pa mayi ake n'kuvula nsapato. Phazi linali litatupa mpaka chipsera cha opaleshoni chinkanyezimira.

Mayi Martina analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapita kukhitchini, nabwera ndi beseni la madzi ofunda othira mchere. Anagwada, munthu wamkulu, n'kuika phazi la mwana wawo m'madzimo.

"Unaniuza kuti linapola."

"Sin'nafune kuti muzilila vintu viwili."

Mayiwo anapitiriza kuthowa ndi kansalu, osadzutsa mutu.

"Amami, ng'oma yakuya siningakwanitse. Nayesa kwa ba Idris, nayesa kwa ba Hector. Ifuna mwendo wamene nilibe. Ngati ya Adadi ikhala mwamene ilili, izakhala mu kachipinda ka malasha mpaka izasila yeka, ndipo ine sinizalizanso. Ngati aidula, nizailiza pa Sabata iliyonse mpaka nikakalambe. Ni thabwa lamene lija, Amami. Lamene ananyamula pamutu."

Madzi a m'beseni anali atayamba kuzizira pamene mayi Martina anayankha.

"Atate ako anali kukamba kuti uli na phazi lopepuka kupambana lao. Anali kunyada nawe, koma sanafune kuti umvele." Anafinya kansalu kaja. "Nizapita nikaione neka na maso anga. Na uyo munthu nimuone."

* * *

Anafika ku Chunga dzuwa lili pamutu. Idris atawaona pageti, anapukuta manja pa ovolosi kawiri konse asanawalandire. Che Salumu anatuluka m'nyumba, napereka moni wa chisoni monga kuyenera kwa namfedwa, ngakhale chaka chinali chitatha.

Ng'oma inali pa benchi pomwe paja, itafundidwa nsalu yoyera. Mayi Martina anaona nsaluyo, nayang'ana Idris. Anaivundukula okha. Anayendetsa dzanja pamwamba pake monga mmene munthu amasisitira mwana wodwala. Atafika kutsogolo, thabwa linanyenyekera m'manja mwawo n'kugwera pa nsapato zawo. Anatseka maso.

"Ni ine n'naiika pansi paja," anatero. "Sin'nali kufuna kuiona."

"Mayi," anatero Che Salumu, "chinyezi sichisankha nyumba. Koma amene anagula ng'oma iyi ankadziwa thabwa. Tamverani." Anagogoda ndi chala kumbuyo kwa ng'omayo, ndipo inalira bwino, mowala. Anagogoda kutsogolo, inangoti phu. "Uku kuli moyo, uku kulibe. Mwana wanga sananame."

Mayi Martina anatembenukira kwa Idris.

"Mukadula, izamveka monga kale?"

"Ayi, mayi. Sindingakunamizeni. Kubangula kuja kuchepa. Izilankhula mwachidule, koma momveka, ndipo kwaya izimveka pamwamba pake. Komanso izikwana m'takisi iliyonse."

"Atate ake anali kuvutika nayo maningi pa manyamulidwe," anatero mayiwo, pakamwa pakuoneka ngati pakufuna kumwetulira. Anapuma mozama. "Dulani pa fotini pamene mwakamba. Koma chamene muzachotsa, munipatse. Musataye."

Idris anazungulira ng'omayo ndi pensulo, nayeza kawiri, nanong'ona Bisimila. Sowo itangoluma thabwa, mayi Martina anatuluka panja. Che Salumu anawatsatira, nawaikira mpando pansi pa mtengo wa mango, naitanitsa tiyi kunyumba.

Valerie anatsala akugwirizira ng'oma kuti isagwedezeke. Utuchi unkagwera pa manja ake. Sowo inayenda pang'onopang'ono kuzungulira, mpaka mkombero woola uja unalekana ndi thupi n'kutsalira m'manja mwa Idris. Pamene panadulidwa panaoneka thabwa loyera, louma, lonunkhira ngati latsopano. Valerie analira mosatulutsa mawu, ndipo Idris anamusiya alire.

"Kwatsala kusalaza mlomo, kuboola mabowo atsopano a zomangira, ndi kusuntha miyendo yake," anatero pambuyo pake. "Lisanafike tsiku lanu ikhala itatha."

"Ndipo ikasila? Nizabwela kuchita chani ku Chunga?"

Idris anaika mkombero uja pa benchi.

"Baba andiuza kuti usadzabwerenso. Akufuna ndikwatire mwana wa kwa amalume, kumudzi. Dzina lake ndi Bushra. Ndinamuona kamodzi kokha, tili ana."

Valerie anachotsa manja pa ng'oma.

"Unayankha chani?"

"Sanandilole kuyankha. Koma ndikufuna ndiwauze kuti ngati ndituma anthu kukafunsira mbeta, ndiwatuma ku Kabwata. Sindikudziwa kuti tidzapemphera bwanji, Valerie. Sindikudziwa kuti ana adzalowera kuti. Ndagona nazo masiku ambiri ndipo yankho ndilibe. Chimene ndikudziwa n'choti sindikufuna kuzifunafuna ndi munthu wina."

Valerie anapukuta misozi. Anasuzumira pa kawindo ka shediyo. Pansi pa mango, mayi ake ndi Che Salumu anali atayandikizana mipando. Bamboyo ankalankhula motsitsa, mayiwo akugwedeza mutu movomereza. Kenako mayi Martina ndiwo analankhula, nthawi yaitali, ndipo Che Salumu anaika dzanja pachifuwa.

"Ona," ananong'ona Valerie. "Amvelana. Amami sanakambepo na munthu so kuchokela pa malilo."

Idris anayang'ananso, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambireni sabata imeneyo, mapewa ake anatsika.

* * *

Pobwerera anatsikira ku City Market kuti akwere ya ku Kabwata. Anapeza mipando iwiri kumbuyo. Mayi Martina anaika mkombero wa ng'oma pamiyendo, ataukulunga m'chitenje, manja onse awiri ali pamwamba pake. Kunja ogulitsa ankagogoda mawindo ndi nthochi ndi madzi a m'mabotolo. Valerie ankamva mtima wake wopepuka moti anagulira mayi ake chimanga chootcha, n'kuwagwirizira.

Minibasi itanyamuka, mayiwo analankhula akuyang'ana kutsogolo.

"Ba Salumu ni munthu wanzelu. Waona vambili."

"Inde, Amami."

"Aniuza za mlongosi wao. Naine nawauza za atate ako, mwamene anali kufunila kuti ukakwatilile mu chechi chamene anakubatizila." Anakonza chitenje pa mkombero uja. "Mnyamata uja ni wabwino, Valerie. Namuona. Ali na manja abwino na mtima wabwino. Ndiye chifukwa tapangana kuti tisamuonongele moyo, naiwe tisakuonongele."

Chimanga chinazizira m'manja mwa Valerie.

"Mwapangana chani?"

"Ng'oma ikasila, ba Hector ndiye azapita kukaitenga. Iwe ku Chunga wapondako komaliza lelo. Ndipo mnyamata uja apita ku Malawi. Atate ake akamba kuti kuli malume wake wamene amufuna."

"Amami, simunatifunse."

"Bana safunsiwa ngati nyumba ipsa. Anyamuliwa chabe."

Valerie anatembenukira kuwindo kuti anthu asaone nkhope yake. Minibasi inadutsa pa mlatho wa njanji, inakhota, inaima, inanyamukanso. Iye sankaona chilichonse. Atayandikira ku Kabwata, foni inanjenjemera m'chikwama. Anaitulutsa mobisa, pansi pa mpango.

"Baba andiuza mutangochoka. Tikiti agula kale, ndipo apita nane okha mpaka ku Namwera. Akuti ukwati ukamangidwe tikangofika. Ndawauza zako, andiyankha kuti mayi ako akana, ndipo iwenso udzamvera mayi ako. Ngati ndi choncho, sindikuvutitsa, ndipita. Koma ngati si choncho, ubwere ku Intercity basi isananyamuke, Baba akuone ndi maso awo. Ukabwera, sindikwera."

Valerie analemba: "Liti?"

"Loweruka m'mawa."

Anayang'ana mawu awiriwo mpaka anayamba kusambira m'maso mwake. Loweruka m'mawa, tsiku la chikumbutso, mpingo wonse udzakhala utadzaza m'tchalitchi cha malata, achibale ochokera kutali atakhala kutsogolo, ndipo mpando wa bambo Kabamba udzakhala ukudikira munthu mmodzi yekha.

"Ni ndani?" anafunsa mayi Martina.

Kondakitala anamenya denga la minibasi, naitana a ku Kabwata kuti atsike. Valerie anazimitsa foni, nanyamuka, napereka dzanja kwa mayi ake kuti awathandize kutsika.

"Ni ba kwaya, Amami," anatero. "Afunsa ngati nizakhalako ku chikumbutso pa Chiwelu."

"Wayankha chani?"

"Nikalibe kuyankha."